Mutu 5: Matailosi Osalira

1. Uvuni utsekulidwa

Uvuni unatsekulidwa Lachinayi m'mamawa, utazizira kwa masiku atatu. Bambo ake a Kaphulusa anagumula njerwa za pakhomo pake ndi chitsulo. Fumbi lofunda linatuluka, ndipo mkatimo munaoneka matailosi a denga atasanjidwa mizere mizere mpaka kumwamba.

Kaphulusa anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Dzinali analitola ali khanda, chifukwa ankati akangomutsitsa kumsana, ulendo wokwawira ku mulu wa phulusa kuseri kwa uvuni. Dzina lake lenileni linangotsala m'kaundula wa kusukulu. Pa holide imeneyi bambo ake anali atayamba kumuphunzitsa ntchito yonse, kuyambira kukanya dongo mpaka kusonkha moto, poti achimwene ake anali atakana za matope n'kupita kukaphunzira zamagetsi.

Matailosiwo anali ofolerera sukulu ya mkaka imene inkamangidwa kuseri kwa msika. A kapitawo oyang'anira ntchito yomangayo anali atanena kuti lole ibwera kudzanyamula tsiku lomwelo dzuwa likapendeka.

Bambo ake anatulutsa tailosi loyamba. Analigwira pangodya ndi zala ziwiri, n'kuligogoda ndi msomali waukulu monga ankachitira kwa zaka makumi atatu.

Linangoti phu, phu.

"Apsa," anatero bambowo akugwedeza mutu. "Anyamata, tulutsani."

Kaphulusa anayang'ana bambo ake. Iye anakulira pakati pa matailosi, ndipo ankadziwa kuti lakupsa limalira kuti ngwee, ngati belu la njinga. Anatola lina n'kuligogoda ndi kiyi wa shedi. Nalonso linati phu, phu, ngati munthu akugogoda chitseko chonyowa.

"Bambo, kodi alira bwino amenewa?"

"Eya, ili kuseriko wilibalayo," anayankha bambo ake osacheuka. "Uipope kaye tayala."

Anyamata awiri aganyu anayamba kutulutsa matailosi akuimba mluzu. Kaphulusa anangoti kakasi pakhomo la uvuni, tailosi lili m'manja.

2. Za Lolemba lija

Chimene chinamuimitsa mutu chinali chakuti moto womaliza wa uvuni umenewu anasonkha ndi iye.

Lolemba m'mawa makina osindikizira matailosi anaduka lamba, ndipo bambo ake anayenera kupita kukasaka wina. Anamusiyira moto n'kumuuza kuti azithiramo nkhuni mpaka iwo atabwera. Aka kanali koyamba kumusiya yekha pa uvuni.

Asanapite kutali, kunagwa mvula. Pepala lapulasitiki lophimbira nkhuni linali lobooka, choncho nkhuni zambiri zinanyowa. Atangoziponya pamoto, chumuni chinayamba kutulutsa utsi woyera wambirimbiri.

Apo anakumbukira mawu amene bambo ake anamuuza tsiku limene ankayatsa uvuniwo.

"Ukaona utsi woyera, dziwa kuti matailosi akutuluka thukuta, akadali ndi madzi m'thupi. Pamenepo usathamange. Moto wothamanga umaswa katundu. Ine ndinaswapo uvuni wathunthu ndili mnyamata chifukwa cha phuma, ndipo agogo ako sanandilankhule sabata yonse."

Ali m'kati mokumbukira, anamva kanthu kakuti thwa mkati mwa uvuni. Anachepetsa moto, n'kumaponya nkhuni ziwiriziwiri m'malo mwa mtolo. Zonyowazo anazituta n'kukaziyanika m'shedi.

Bambo ake anabwera cha m'ma folo koloko atanyowa komanso atatopa.

"Wasonkha mmene ndinakuuzira?"

"Eya," anayankha Kaphulusa. Kenaka anawonjezera motsitsa mawu, akuyang'ana pansi. "Koma utsi unali woyera, ndiye ndinachepetsako."

Bambo ake sanayankhe kanthu. Anayang'ana pamene panali mulu wa nkhuni n'kuona kuti waphwa. Anasuzumira pakabowo koonera moto, koma dzuwa linali litatulukanso ndipo linkawathobwa m'maso. Anawerenga maola ndi zala, n'kunena kuti moto wakwana, atseke.

Kaphulusa anatenga kukhala chete kwawo kuja ngati kuvomereza. Tsopano sankadziwanso ngati analakwa, ngati analondola, kapena ngati makutu ake ndi amene ankamunamiza.

3. Kwa a Mwaye

Anaika tailosi limodzi m'thumba la msika n'kuzemba, ngati wotumidwa sopo.

Pakhonde la golosale ya pamphambano pankakhala bambo wina wokalamba, wosoka nsapato ndi maambulera. Anthu ankawatchula kuti a Mwaye, chifukwa anakhala akusonkha moto pa uvuni wa kwa Kaphulusa kwa zaka zambiri mpaka chifuwa chinawaletsa. Mizere ya m'manja mwawo inali idakali yakuda ngakhale ankasamba ndi sopo tsiku lililonse.

Kaphulusa anawapatsa moni n'kukhala pa kabenchi. Anatulutsa tailosi lija n'kuligogoda.

A Mwaye anaika pansi nsapato imene ankasoka.

"Laliwisi ili. Anasonkha ndani?"

Kaphulusa anafotokoza za mvula, za utsi woyera, ndi za kanthu kanati thwa kaja. A Mwaye anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anakhosomola n'kuyamba kulankhula.

"Mwanawe, bambo ako sananame, koma anakuuza theka. Moto wa uvuni uli ndi misinkhu iwiri. Tsiku loyamba ndi khanda, umalinyengerera. Tsiku lomaliza ndi mnyamata wa njala, umangomupakulira osawerenga. Utsi woyera wa tsiku loyamba ndi thukuta la dongo. Utsi woyera wa tsiku lomaliza ndi nkhuni zako zonyowa zikukuuza kuti moto ukufa. Pamenepo umafunika kusaka zouma, ngakhale kuphwasula mpanda, n'kuwonjezera mpaka mkatimo muchoke kufiira kwa makala, muyere ngati dzungu lakupsa. Kuti thwa kuja n'chikuni chabe chikuphulika. Iwe unaona wodwala akuzizidwa n'kumuvula bulangete."

Kaphulusa anawerama.

"Ndikuuze china," anapitiriza a Mwaye. "Tailosi losweka ndi chilungamo, aliyense amaliona n'kulitaya. Laliwisi ndi kazitape. Limaoneka bwino, limakwera padenga n'kukhala phee. Mvula ikabwera limamwa, n'kumwa, n'kumwa, mpaka kulemera ngati mwala. Ndisanabwere kwa agogo ako ndinkagwira pa uvuni wina. Abwana anali pachangu, anati titseke moto usanakwane. Ine ndinadziwa, koma ndinati ndine yani. Matailosiwo anafolera nyumba yosungiramo katundu. Mvula yachitatu mtanda unathyoka, denga lonse n'kutsikira mlonda amene anabisalamo. Sanafe, koma mpaka lero amayenda ndi ndodo. Amadutsa pompano Lachiwiri lililonse, ndipo nsapato zake ndimamusokera osamuuza chifukwa chake sindilandira kanthu. Tsono awa akupita padenga la ana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pita ukawauze bambo ako."

"Koma Bambo aligogoda okha," anatero Kaphulusa. "Anena kuti apsa."

A Mwaye anatenga tailosi lija, n'kuligogoda ndi nyundo yawo yaying'ono, n'kuliyika kukhutu. Analitembenuza n'kuligogodanso.

"Agogoda okha?"

"Eya."

"Ndiye mwina makutu angawa ndi amene akalamba," anatero mokayika. "Bambo ako sanalakwitsepo tailosi chibadwire. Amamva mng'alu umene ine sindiuona ndi maso. Kaya, mwanawe. Ukaliviike m'madzi, kenaka ulikande ndi chikhadabo. Madzi alibe chibale."

Kaphulusa anabwerako mutu utalemera kuposa mmene anapitira. Munthu yemweyo anali atamuuza kuti matailosi ndi aawisi, ndiponso kuti bambo ake salakwitsa.

4. Mawu a amayi

Anapeza mayi ake ali pa makina osokera m'chipinda chochezera, akupinda yunifolomu ya mwana wa aneba. Wailesi inali pa shelefu, ikulira mokweza monga bambo ake anaisiyira. Kaphulusa anaitsitsa n'kufotokoza zonse.

Mayi ake anaimitsa phazi pa makina. Anadzuka, anatseka chitseko, n'kukhalanso pansi.

"Wauza ndani zimenezi?"

"A Mwaye okha."

"A Mwaye okha," anabwereza mayiwo. "Pakhonde la golosale, pamene pamadutsa dziko lonse. Khala pansi, undimvere bwino.

"Bambo akowa sanapite patali ndi sukulu. Alibe satifiketi yopachika pakhoma. Chimene ali nacho ndi dzina, ndipo dzinalo lili m'khutu mwawo. Anthu amachoka kutali, kudutsa mauvuni anayi, kudzagula kuno chifukwa amati mmisiri uja akagogoda tailosi ndiye kuti latha. Yunifolomu yako, mabuku ako, sukulu ya achimwene ako, zonse zinatuluka m'khutu limenelo. Tsono iwe, wa masabata awiri pa ntchito, ukaimirire pamaso pa anyamata aganyu ndi a kapitawo n'kunena kuti bambo ako sadziwa tailosi lakupsa? Mawu ali ngati madzi, akatayika saoleka. Mawa lomwe pamsika ponse adzakhala akunena kuti mmisiri uja watha, akuphunzitsidwa ndi mwana wake. Munthu wamkulu sadzudzulidwa pagulu. Umadikira adye, apume, n'kumulowera chammbali ngati ukufunsa nzeru."

"Ndinayesa kuwafunsa, Amayi. Anandiyankha za wilibala."

Mayi ake anayang'ana chitseko, kenaka anatsitsa mawu.

"Ndikuuza chifukwa wakula. Makutu a bambo ako akutseka. Chaka chatha zinayamba ndi lakumanzere, pano ndi onse awiri. Ndi phokoso la makina osindikizira matailosi aja. Sukuona wailesi mmene amaikwezera? Sukuona kuti polankhula nawo amakuyang'ana pakamwa? Ndawachonderera kuti tipite kuchipatala, akukana. Akuti zikadziwika ndiye kuti ntchito yatha. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale ana."

Kaphulusa anakumbukira Lolemba lija, mmene analankhulira akuyang'ana pansi. Bambo ake sanavomereze kanthu tsiku limenelo. Sanamve n'komwe.

"Ndiye kuti matailosiwo ndi aawisidi," anatero.

"Sindinanene choncho. Maso ali nawo, manja ali nawo, zaka makumi atatu ali nazo. Iwe uli ndi chiyani? Ukutsimikiza?"

Kenaka mayiwo anawonjezera:

"Undisiyire ine. Ndiwalankhula madzulo tili awiri."

"Lole ikubwera masana, Amayi."

Mayi ake anabwezera nsalu pansi pa singano, koma phazi silinaponde.

"Usawachititse manyazi bambo ako," anatero potsiriza. "Ndi zokhazo ndikukupempha."

5. Beseni la madzi

Kuseri kwa shedi kunali beseni lochapira. Kaphulusa analidzaza madzi n'kuviikamo matailosi awiri, latsopano limodzi ndi lakale limodzi lotsala chaka chatha.

Onse awiri anatulutsa tithovu. Anadikira. Lakale linasiya msanga, latsopano linapitiriza kusisima ngati likumwa ndi ludzu. Atawavuula, latsopano linali litada ndiponso litalemera. Analikanda ndi chikhadabo, ndipo panatsala kamzere, m'chikhadabomo muli matope ofiira. Lakale silinakandike.

Anathamangira pa mulu umene anyamata ankasanja kuti atsimikize. Anagogoda loyamba, phu. Lachiwiri, phu. Lachitatu linalira kuti ngwee, bwinobwino. Lachinayi, ngwee. Lachisanu, phu.

"Achemwali, mukuimba nyimbo yanji?" anaseka mnyamata mmodzi waganyu. "Tivine?"

"Awa olirawa mwawachotsa pati?"

"Pansi, pafupi ndi moto. Enawa kumwamba. Koma tasakaniza kale, nanga munatiuza kuti tisankhe?"

Kaphulusa anasowa chogwira. Akanena kuti ndi aawisi, munthu akhoza kutola lolira n'kumuseka. Akanena kuti ndi abwino, chikhadabo chake chinali chidakali ndi matope.

Anapita m'shedi. Bambo ake anali atawerama pa makina akumanga lamba watsopano, injini ikulira.

"Bambo, ndimafuna tilankhule."

Sanacheuke. Anawagwira paphewa. Iwo anadzuka n'kumuyang'ana pakamwa.

"Ndimafuna tilankhule za matailosi," anakweza mawu.

Anyamata aja anaima ndi wilibala pakhomo la shedi, makutu ali tcheru. Kaphulusa anawaona, n'kukumbukira pempho la mayi ake lija.

"Eya, atuluka okongola," anatero bambo ake akumwetulira, n'kumusisita pamutu ndi dzanja la girisi. "Moto wako woyamba umenewu. Ndawauza kale a kapitawo kuti mwana wanga wamkazi ndi mmisiri. Zina tikamba madzulo."

Anaweramanso pa makina. Kaphulusa anatuluka akukoka miyendo.

6. Lole ifika

Lole sinadikire kuti dzuwa lipendeke. Inalowa pageti isanakwane leveni koloko, ikubwerera chambuyo mpaka pa mulu wa matailosi. A kapitawo anatsika kutsogolo. Anali bambo wonenepa, wansangala, pensulo ili kukhutu.

"Mmisiri, ndafulumira," anatero akugwirana chanza ndi bambo ake a Kaphulusa. "Akalipentala amaliza mitanda dzulo, angokhala akusewera ndi mafoni. Ndati ndiwapatse ntchito mitambo isanatikwiyirenso."

"Muoneko kaye katunduyo," anatero bambo ake.

"Ndione chiyani? Kwina ndimagogoda limodzilimodzi, koma kuno ndimangotseka maso. Ndipotu mdzukulu wanga akaphunzira pansi pa denga limeneli. Anyamata, pakirani."

Anyamata anayamba kuponyerana matailosi. Mzere woyamba unadzaza. Wachiwiri unayamba.

Kaphulusa anaima pafupi ndi beseni. Atacheuka anaona mayi ake ali pakhomo la nyumba, tepi yoyezera ili m'khosi, akumuyang'ana. Sanamukodole, sanamuletse. Anangoima.

Mzere wachitatu utayamba, Kaphulusa anawerama n'kutola tailosi lonyowa lija. Anayenda mpaka pamene panaima bambo ake ndi a kapitawo. Anaima kutsogolo kwenikweni kwa bambo ake, nkhope ndi nkhope, kuti aone pakamwa pake. Analankhula mokweza ndiponso pang'onopang'ono.

"Bambo, ndinalakwitsa ndine. Lolemba lija ndinachepetsa moto. Nkhuni zinanyowa, ndinaona utsi woyera, ndinachita mantha. Nkhuni sizinathere pamoto, ndinaziyanika m'shedi. Matailosi a kumwamba sanapse."

Anyamata anasiya kuponyerana. A kapitawo anachotsa pensulo kukhutu.

Nkhope ya bambo ake inasintha. Kaphulusa anakweza tailosilo ndi manja awiri, n'kulikanda ndi chikhadabo iwo akuona. Panatsala mzere.

Bambo ake analilandira. Analiyeza kulemera m'dzanja. Kenaka analigwira uku ndi uku n'kulipinda pang'ono chabe. Linanyenyeka ngati bisiketi woviikidwa mu tiyi. Mkati mwake munali motuwa, mosafiira.

Anapita pa lole n'kutsitsa lina louma. Analimenyetsa pabondo, n'kuthyoka mosavuta. Anatsitsa lachitatu, nalonso chimodzimodzi. Lachinayi linakana kuthyoka. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana zidutswa zili pansi.

"Tsitsani," anatero.

"Mmisiri, tikambirane," anatero a kapitawo. "Si onse. Taonani ilo lakana. Tisankhe abwinowo, ndinyamuleko ngakhale theka. Ndikabwerera chimanjamanja eni sukulu akandidya wamoyo."

Bambo ake anawayang'ana pakamwa mpaka atamaliza.

"Uvuni umodzi ndi mimba imodzi, a kapitawo. Sindingakupatseni ana ena n'kumati enawo ndi odwala pang'ono. Onse abwerera pamoto. Mundipatse masiku asanu ndi atatu. Eni sukulu muwauze kuti walakwitsa ndi ine, asakudyeni inu."

A kapitawo anapukusa mutu n'kupita pambali kukaimba foni. Anyamata anayamba kutsitsa mwakachetechete.

Bambo ake anatembenukira kwa Kaphulusa. Sanakalipe, koma mawu awo anali olemera.

"Kuchepetsa moto si mlandu. Aliyense wosonkha moto anayambapo wauchepetsa kapena kuupyoza. Ukanandiuza Lolemba lomwelo, tikanawonjezera nkhuni maola asanu, nkhani n'kutha. Tsopano tiotcha kawiri, nkhuni kawiri, thukuta kawiri, ndipo munthu uyo akukanyozedwa chifukwa cha ife. Pa ntchito ya moto, chinthu chimene sukuchimvetsa umachinena nthawi yomweyo, mokweza, ngakhale uoneke wopusa. Safunsa anadya phula. Unakhaliranji chete masiku atatu onsewa?"

Kaphulusa anayang'ana kwa mayi ake, amene tsopano anali atasendera pafupi. Kenaka anayang'ananso bambo ake.

"Pepani, Bambo," anatero.

Bambo ake anamuyang'anitsitsa. Anayang'ana mkazi wawo, amene anagwetsa maso pansi. Anayang'ananso mwana wawo.

"Unanena Lolemba lija," anatero chapansipansi. Silinali funso.

Kaphulusa anangogwedeza mutu.

"Ndipo m'mawa uno unandifunsa. Si za wilibala unkanena."

"Ayi, Bambo."

Bambowo anakhala pansi pa mulu wa njerwa, manja ali pamawondo. Kaphulusa sanadziwe ngati wawapulumutsa kapena wawavula pagulu, ndipo nkhope ya mayi ake sinamuuze kanthu.

7. Funso la a kapitawo

A kapitawo anabwerako foni ili m'manja. Nsangala zija zinali zitawathera.

"Za masiku asanu ndi atatu avomera monyinyirika," anatero. "Koma andifunsa funso limene ndasowa poyankha. Akuti nanga aja tinatenga mwezi watha?"

Bambo ake anakweza mutu. "Mwati chiyani?"

A kapitawo anabwereza mokweza. "Matailosi a mwezi watha aja. Ali kale padenga la chipinda choyamba. Holo imene ana ankabwereka eni ake aitenga, ndiye chiyambire Lolemba ana akuphunzirira mmenemo. Alipo makumi anayi. Amenewo anapsa bwino, eti? Munawagogoda nokha, ine ndikuona."

Uvuni wa mwezi watha unaotchedwa Kaphulusa akulemba mayeso kusukulu. Bambo ake anasonkha okha, nyengo yomweyi ya mvula, ndipo anayesa okha.

Bambo ake akanatha kungoti eya. A kapitawo ankayembekeza mawu amenewo, ndipo akanawakhulupirira. Mayi ake anagwira tepi ya m'khosi ndi manja awiri.

Bambo ake anaimirira n'kudzisasa fumbi.

"Sindikudziwa, a kapitawo," anatero mokweza, anyamata aganyu ndi dalaivala akumva. "Moto ndinausonkha mmene ndimasonkhera, koma nkhuni zinali za m'mvula. Kugogoda ndinagogoda, koma sindinamve kanthu. Makutu angawa anandithawa kalekale, ine n'kumabisa. Mwina apsa, mwina ayi."



"Anyamata, kwezani makwerero mu lolemo," anatero bambowo. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, kasambe m'manja ukwere kutsogolo. Ukandimverere denga lonse, limodzilimodzi. Chimene ukamve, ukanene mokweza."

"Nanga ndikakalakwitsa, Bambo?"

"Ukalakwitse mokweza."

Lole inatuluka pageti yopanda katundu, makwerero akugubuduka kumbuyo. Kaphulusa anakhala pakati pa bambo ake ndi a kapitawo. Anadutsa pagolosale, a Mwaye n'kuimirira nsapato ili m'manja. Anadutsa msika. Kumwamba kunali kutayambanso kuda, ndipo timadontho tinayamba kugwa pagalasi.

Atakhota kulowa pa sukulupo, pamene mvula inali itayamba kale, anamva ana akuimba m'chipinda cha denga latsopano. Chitseko chinatseguka. Aphunzitsi anatuluka atanyamula ndowa yodzaza madzi ofiirira odontha kudenga, anawakhuthula pa udzu, n'kubwereranso nayo m'kalasimo mofulumira.